Nkhono za pa Dooko Lathu

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinayamba kuona magazi pokodza. Sanali ambiri. Mkodzo unkatuluka bwinobwino ngati masiku onse, koma pomaliza penipeni pankabwera timadontho tiwiri kapena titatu tofiira, ndi kaululu kotentha ngati ka tsabola. Tsiku loyamba ndinanyonyomala nthawi yaitali kuseri kwa bafa lathu la udzu, ndikuyang'ana mmene mchenga unkamwera timadonthoto. Mantha ndinalibe. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti magaziwo akuchokera pati, popeza ndinali ndisanadzicheke paliponse.

Tinkakhala ku Makhanga, kufupi ndi dambo. Bambo anga anali msodzi wa mono ndi ukonde, ndipo amayi ankawamba milamba ndi makakana n'kumakagulitsa, kwinaku akulima mbatata kudimba. Ife ana tinkakulira m'madzi. Kuchapa, kutsuka mbale, kusamba, kusewera, zonse zinali pa dooko pamene asodzi ankamangirira mabwato awo. Madzi a pamenepo anali odekha, ofunda ngati ophitsa, ndipo m'mbali mwake munali masamba a nyika ndi namasupuni. Chimene makolo ankatichenjeza nacho chinali ng'ona basi.

Anyamata a m'mudzi mwathu magazi amenewa sankawabisa. Ankaima m'mphepete mwa madzi n'kumapikisana kuti wofiiritsa ndani, ndipo wopambanayo ankamuyesa kuti ndiye wakula. Koma mtsikana wokodza magazi ndinali ndisanamvepo. Mwina analipo ambiri, koma atsikana sitinkakodza pagulu, ndiye panalibe wodziwa za mnzake. Ndinasunga nkhaniyo mumtima masiku anayi.

Tsiku lachisanu amayi anaona banga pa kabudula wanga wamkati pochapa. Sanandifunse kanthu. Anatuma uthenga kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala kutsidya kwa msewu, ndipo awiriwo anakambirana motsitsa mawu m'khitchini, akusakaniza Chisena ndi Chimang'anja monga ankachitira nkhani ikakhala yosafuna ana. Atatuluka, azakhali anandiimiritsa, n'kundiyang'ana pachifuwa, kenako kumaso. Anati n'zodabwitsa kuti mwana wopanda ngakhale kabere angathe msinkhu, koma magazi sanama.

Anandilowetsa m'nyumba. Kusukulu ndisapite, mchere m'ndiwo ndisathire, m'chipinda cha makolo ndisaloweso. Azakhali ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzandilangiza za ulemu, za ukhondo, ndi za kuopa amuna. Zambiri sindinkazimvetsa, koma ndinkamvetsera mwachidwi chifukwa zinali zinthu zimene akulu sanandiuzepo. Anandiuza kuti pakatha masiku anayi kapena asanu magaziwo asiya okha, adzabweranso mwezi wamawa.

Panatha sabata, sanasiye. Panatha sabata yachiwiri. Nsalu imene anandipatsa kuti ndizivala inkakhala youma tsiku lonse, koma ndikapita kukakodza timadontho tija tinalipo. Azakhali anayamba kukaikira kuti mwina pali lamulo limene ndaphwanya. Tsiku lina atandipanikiza ndi mafunso, ndinawayankha kuti:

"Azakhali, magaziwo satuluka okha ayi. Amabwera ndikamamaliza kukodza basi."

Azakhali anayang'ana amayi. Amayi anandifunsa chifukwa chimene sindinanenere zimenezo poyamba, ndipo ndinati palibe anandifunsa. Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati malangizo onse aja ndingowasunga, adzagwira ntchito nthawi yake ikadzakwana.

Bambo atamva, sanadabwe n'komwe. Anati limenelo ndi likodzo, ndipo iwo akhala nalo kuyambira unyamata wawo, limabwera n'kupita ngati chimfine. Nditawafunsa chimene chimayambitsa, anati ndi kudya nzimbe kwambiri. Amayi anatsutsa, anati ndi kuyenda pamchenga wotentha wopanda nsapato. Azakhali anati munthu amalitenga akalumpha pamene wodwala wakodza. Aliyense ankalankhula motsimikiza, ndipo zinandidabwitsa kuti anthu atatu a banja limodzi angadziwe chinthu chimodzi mosiyana chonchi.

Ndinaganiza zoyesa ndekha. Ndinasiya nzimbe, ngakhale inali nyengo yake ndipo anzanga ankatafuna pamaso panga. Ndinkavala mapatapata a amayi pena paliponse, akundivuka m'mapazi. Poyenda ndinkazungulira paliponse pamene nthaka yanyowa. Magazi sanasinthe. Komanso ndinayamba kutopa msanga, ndipo m'kalasi ndinkawodzera dzuwa lisanafike pamutu. Amayi anandikoka chikope cha m'munsi, n'kuona kuti mkati mwayera. Mawa lake tinanyamuka kupita kuchipatala.

Atatilembera kapepala, anatilozera kachipinda koyezera magazi ndi mikodzo. Mmenemo munali mayi wina wamtali wovala chovala choyera, amene anandipatsa kabotolo n'kundiuza kuti ndikakodzeremo, makamaka wa kumapeto uja. Nditabweretsa, anaupukusa m'kamakina, n'kudontheza pang'ono pa kagalasi, kenako n'kuweramira pa makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Amayi anakhala pa benchi panja monga anawauzira. Ine ndinaima pakhomo, khosi litatalika. Mayi uja atadzutsa mutu anandipeza ndikumuyang'anitsitsa, ndipo anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna.

"Ndimafuna ndione chimene mukuonacho," ndinatero.

Amayi anandidzudzula ali panja pomwepo, koma mayiyo anangoseka n'kukoka kampando kuti ndikwerepo. Poyamba ndinkangoona kuwala ndi nsidze zanga zomwe. Anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi, n'kupotokola kachitsulo kambali pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi zinaonekera. Zinali ngati nthanga za dzungu, zinayi kapena zisanu, iliyonse ili ndi kaminga kumapeto kwake. Mkati mwa imodzi munali kanthu kamene kankaoneka ngati kakutakataka.

Anati amenewo ndi mazira, ndipo nyongolotsi zimene zikuikira zili m'mitsempha ya magazi pafupi ndi chikhodzodzo changa. Mazirawo pofuna kutuluka amaboola chikhodzodzo ndi kaminga kaja, n'chifukwa chake pamabwera magazi. Ndinamufunsa kuti nyongolotsizo zinalowa bwanji, poti ine sindinameze nyongolotsi. Anafotokoza kuti wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, ndipo tiana take timafunafuna nkhono n'kulowamo. Timakulira m'nkhonomo milungu ingapo, kenako timatuluka tambirimbiri n'kumasambira, ndipo tikapeza khungu la munthu timaboola n'kulowa. Anati kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake sitingathe, mpaka tidzere kaye m'nkhono.

Amayi anali atasendera pakhomo. Mwaulemu ndithu anafunsa kuti kanthu kangaboole bwanji khungu munthu osamva, chikhalirecho ngakhale udzudzu umamveka. Mayiyo sanakwiye. Anati amene akukaika atole nkhono zing'onozing'ono za pa dooko, aziike m'botolo loyera la madzi a pa mjigo, n'kuliika padzuwa cha m'mawa. Ngati nkhonozo zili ndi matendawa, adzaona yekha. Kenako anatembenukira kwa ine, ngati wadziwa kale amene achite zimenezo, n'kundichenjeza kuti ndisatole ndi manja ndipo madzi a m'botolomo asandikhudze.

Anandiyeza pa sikelo n'kundipatsa mapiritsi oyera, aakulu, owawa koopsa. Anati ndidye kaye ndisanamwe. Amayi anandigulira mbatata yootcha pa geti, ndipo ndinamwa mapiritsiwo tili pansi pa mtengo. Pobwerera mutu unkazungulira, m'mimba mukupotokola, moti tinapuma kawiri panjira. Koma pasanathe masiku ambiri mkodzo unayera, ndipo tulo ta m'kalasi tija tinatha.

Za botolo sindinaiwale. Ndinapeza la galasi limene munali mafuta ophikira, n'kulitsuka ndi mchenga ndi phulusa mpaka kuwala. Ndinamangirira sefa yakale ya amayi ku bango lalitali kuti ndizivuulira nkhono nditaima pouma. Tsiku loyamba ndinasankha zikuluzikulu, poganiza kuti m'nkhono yaikulu ndimo mungakhale nyongolotsi zambiri, moti zina zinakana kulowa pakamwa pa botolo. Ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya chamasana. Nkhono zinkangokwawa pagalasi, nyanga zili panja, ndipo madzi anali mbee.

Ndinakumbukira kuti mayi uja anati zing'onozing'ono. Ndinayamba kutembenuza masamba a nyika ndi bango lija, ndipo kunsi kwake ndinkapezako tinkhono takuda, tosaposa njere ya nyemba. Ndinayesa Loweruka, ndinayesa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndinayesanso Loweruka linalo. Palibe chinaoneka. Anzanga anayamba kunena kuti ndikuweta nkhono zoti ndidzadye. Amayi anati mwina mayi wa kuchipatala uja ankangofuna kuti tichoke, apume.

Bambo ndiwo ankandiseka kuposa onse. Akamachokera kudambo ankafunsa ngati ziweto zanga zaswa. Koma madzulo ena ndikutsuka botolo, anaima n'kundifunsa kuti nkhonozo ndimatola mbali iti. Nditawauza kuti ndi kumtunda, kumene amayi amatsukira mbale, anapukusa mutu. Anati ngati nkhani ya mayi uja ili yoona, ndiye kuti ndikufuna malo olakwika. Amuna sakodzera kumeneko. Amakodzera kumunsi, kuseri kwa bango, pamene amamangirira mabwato akamabwerako m'mawa. Kumeneko mtsikana sankaloledwa kufika. Mawa lake bambo anabwera ndi chitini cha nkhono, n'kuchiika pakhonde.

Ndinazithira m'botolo, n'kuthiramo madzi a pa mjigo, n'kuliika pa mtondo wovundikira pakati pa bwalo. Dzuwa la ku Chigwa likafika cha m'ma naini limakhala latentha kale. Ndinadikira mpaka chithunzi cha nyumba chitafupika. Nditanyamula botolo ndi nsalu n'kuliyang'ana molunjika kuwala, ndinaona ngati muli fumbi. Ndinaganiza kuti ndi litsiro la m'chitini. Koma fumbi limatsika pansi n'kukhazikika. Ili linkakwera m'mwamba monjenjemera, n'kuima, n'kutsika pang'onopang'ono, kenako n'kukweranso. Tinthuto tinali tambiri, toyererako, tochepa kuposa nsonga ya singano.

Ndinaitana bambo, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa nimu. Anabwera mwaulesi, n'kutenga botolo, n'kulitalikitsa, n'kuliyandikitsa. Anati nkhabe, palibe kanthu. Ndinawauza kuti atembenuke, kumbuyo kwa botolo kukhale mdima wa pakhomo. Atatero anayang'anitsitsa m'botolomo osaphethira. Amayi anabwera, azakhali anaitanidwa, ndipo botolo linayenda m'manja mwa anthu mpaka a nyumba zoyandikana nafe. Ena anaona, ena anati sakuona kanthu. Lero sindingalumbire kuti tonse tinali tizilombo ta likodzo, chifukwa ndinadzamva pambuyo pake kuti nkhono zimasunganso tizilombo tina ta mbalame ndi ng'ombe. Koma kuti m'nkhono mumatuluka zamoyo zosambira, tsiku limenelo tinaziona ndi maso.

Bambo anakathira madziwo paphulusa lamoto. Pobwerera anati:

"Ng'ona ndimaidziwa, ndimaona maso ake pamadzi. Nanga aka ndikathawa bwanji? Tikaopa madzi tidya chiyani?"

Kunena zoona, funso limenelo silinayankhidwe mpaka pano. Komabe zinthu zina zinasintha pakhomo pathu. Amayi anayamba kutunga madzi osamba pa mjigo, ngakhale unali kutali ndipo mzere wake unali wautali. Mjigo ukawonongeka ankatunga a kudambo n'kuwasiya mumgolo masiku awiri tisanasambe, chifukwa mlangizi wa zaumoyo anawauza kuti tizilomboto tikasowa munthu timafa tokha. Bambo anakonza chimbudzi chathu chimene chinagwa ndi madzi osefukira, n'kumangira chidebe chosambira m'manja pambali pake. Anasiyanso kukodzera pa dooko. Ankatsika m'bwato, n'kuyenda kukafika pouma, anzawo akuwaseka kuti akuopa nkhono. Ali pakati pa dambo, kutali ndi mtunda, sindikudziwa chimene ankachita, ndipo sindinawafunsepo.

Mapiritsi okha bambo anawakana nthawi yaitali. Pakati pa asodzi panali mphekesera yoti amafooketsa mwamuna m'nyumba. Anadzamwa patapita zaka ziwiri, ataona kuti mnzawo wina amene anamwa wabereka mapasa.

Ine likodzo linandibwereranso ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Chaka chimenecho madzi anakokolola mbewu, ndipo chakudya chinali nyika. Kuti upeze nyika umalowa m'dambo mpaka m'chiuno, nthawi zina mpaka m'khosi, n'kumafukula ndi zala m'matope. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikusambira pambali panga, ndipo ndikatuluka khungu likuyabwa ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinkalowabe, chifukwa kunyumba kunali ang'ono anga awiri. Nthawi imeneyo mapiritsi anali atayamba kubwera kusukulu. Ankatiimika pa ndodo yolembedwa mizere kuti adziwe angati oti atipatse, titamwa kaye phala. Makolo ena ankabisa ana awo tsiku limenelo. Aphunzitsi atadziwa za botolo langa anandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze, ndipo ndinachita manyazi kwambiri kutchula mkodzo pamaso pa anyamata, koma ndinafotokoza.

Patapita zaka zambiri, nditakhala mphunzitsi kumtunda kuno kwa Chikwawa, tinaitanidwa ku maphunziro a masiku awiri okonzekera kugawa mapiritsi omwewo. Namwino amene ankatiphunzitsa ananena chinthu chimene ndinali ndisanamvepo. Anati mwa amayi mazira aja samangothera m'chikhodzodzo. Ena amakakhazikika m'njira ya chiberekero, n'kuyambitsa zilonda, kuyabwa, ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna, ndipo nthawi zina kusabereka. Anati amayi ambiri otere amayesedwa kuti ali ndi matenda opatsirana pogonana, n'kumamwa mankhwala osayenera zaka ndi zaka.

Maganizo anga anapita kwa azakhali. Iwo sanaberekepo. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti anakwatiwapo n'kubwerera kwawo. Nditakula ndi pamene amayi anandinong'oneza kuti mwamuna wa azakhaliwo anawasiya powanena kuti abweretsa matenda m'nyumba, ndipo abale a mwamunayo anavomereza. Azakhali anakana mpaka kulumbira pamaso pa akulu a mpingo, koma zizindikiro zinalipo, ndiye anthu anakhulupirira zizindikirozo. Sanakwatiwenso. Moyo wawo wonse unali wa m'dambo, kudula bango loluka mphasa ndi kuvuula nyika.

Tchuthi chitafika ndinapita kumudzi. Inali nyengo ya mvula, ndipo mbali yomaliza ya ulendo ndinayenda pa bwato. Azakhali ndinawapeza atakhala pakhonde, akung'amba bango, maso atayamba kuchita khungu. Ndinazungulirazungulira ndi nkhani zina, za ana, za mitengo ya nsomba, chifukwa si chapafupi kufunsa munthu wamkulu zinthu zotere. Potsiriza ndinangowafotokozera zimene namwino ananena, ngati nkhani ya anthu ena. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anafunsa ngati tizilomboto ndi tomwe tija ta m'botolo. Ndinati inde. Anafunsanso ngati mkazi angakhale nato chikhalirecho sanayendepo ndi mwamuna wina aliyense.

"Angakhale nato, azakhali. Ngakhale mwana wosadziwa mwamuna."

Anaika mpeni pansi. Ndinkayembekeza kuti alira kapena atukwana mwamuna uja, amene anali atamwalira kale. Sanachite zonsezo. Anayamba kundifunsa mafunso, limodzi pambuyo pa linzake. Nyongolotsizo zimakhala zaka zingati m'thupi? Zimadya chiyani? Yaimuna ndi yaikazi zimapezana bwanji mumdima wa m'mitsempha? Ena ndinayankha, ena ndinavomera kuti sindikudziwa. Pamene ndinawauza kuti yaikazi imakhala itakumbatiridwa ndi yaimuna moyo wake wonse, anaseka n'kunena kuti ndiye bola nyongolotsi.

Ndinawauza poyera kuti sindingatsimikize ngati likodzo ndilo linawalanda ana, chifukwa zoyambitsa kusabereka n'zambiri ndipo nthawi yapita. Anati akumva. Komabe anafuna kuti ndiwaperekeze kuchipatala, osati chifukwa choyembekeza kanthu pa msinkhu wawo, koma kuti akaone ngati zilimo. Tinapita Lachiwiri. Anawayeza mkodzo, ndipo mazira anapezekamo, ochepa. Mnyamata woyezayo nditamupempha analola kuti nawonso ayang'ane pa makinawo, koma maso awo sanathe kuona kanthu, ndiye ndinayang'ana ine n'kuwajambulira pa chikuto cha buku lawo la kuchipatala. Anayang'anitsitsa chojambulacho atachiyandikitsa kumphuno, n'kufunsa kuti kaminga kali mbali iti. Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pamenepo.

Anamwa mapiritsi awo titafika kunyumba, atadya mbatata ndi tiyi. Lamulungu lotsatira anatenga bukulo kupita nalo ku msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo ndinamva kuti analiyendetsa mzere wonse, kuyambira kwa amayi abusa mpaka kwa atsikana a kwaya. Amayi atatu a msinkhu wanga anabwera kunyumba madzulo ake kudzandifunsa tsiku limene amayeza mikodzo. Ndinawauza kuti ndi tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamulungu, ndiponso kuti akafika akanene zonse zimene akumva m'thupi, ngakhale zimene sanafunsidwe.